Kulima m'Munda Wobwereka

M'mabanja ambiri a m'maparishi mwathu muli anyamata ndi asungwana amene akatha kuwerenga buku kapena kuonera filimu, nkhaniyo siwachoka m'mutu. Amatenga kope kapena lamya ya m'manja, nayamba kulemba okha zimene mwini nkhani sadanene: kumene ngwazi ija idapita nkhondo itatha, zimene mai wake adanena atamva za imfa yake, kapena momwe zinthu zikadathera awiri aja akadapanda kukangana. Anthu a m'nkhaniyo ndi a eni, dziko lao ndi la eni, koma zochitikazo ndi za mwanayo. Pa Chingerezi chizolowezi chimenechi amachitcha fan fiction, ndiye kuti nkhani zopeka zolembedwa ndi okonda nkhani ya munthu wina. Salandirapo malipiro, amalemba chifukwa chokonda basi. Makolo akafunsa wansembe ngati ayenera kuletsa zimenezi, amayembekeza yankho la liu limodzi. Yankho lotere palibe. Komabe Eklezia ali ndi nzeru zambiri pa nkhaniyi, popeza adakumana nayo kalekale, ndipo idakhudza mbiri yopatulika kuposa zonse.

Dzina la chizolowezichi ndi la masiku ano. Ku America, sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Star Trek litayamba mu 1966, olikonda adayamba kusindikiza timagazini tao, ndipo kotchuka mwa toyambirira, Spockanalia, kadatuluka mu 1967. Intaneti itabwera, olemba otere adachuluka ngati mchenga. Komatu chilakolakocho n'chakale ngati nthano za pamoto. Palibe gogo amene adapeka Kalulu ndi Fisi. Aliyense adawalandira kwa makolo, naonjezapo zake usiku uliwonse. Ana sadandaula gogo akabwera ndi ulendo watsopano wa Kalulu. Koma gogoyo atayerekeza kusandutsa Kalulu kukhala chitsiru, kapena Fisi kukhala wodziletsa pamaso pa nyama, ana omwewo angamtsutse pomwepo. Anawo akudziwa lamulo limene olemba ambiri amaliiwala, lakuti wobwereka munda ali ndi ufulu wobzala zimene afuna, koma sazula mitengo ya mwini, ndiponso sasuntha malire.

Mthenga Wabwino uli ndi malo ambiri pamene udakhala chete. Marko ndi Yohane sanena kanthu za ubwana wa Ambuye. Mateyo ndi Luka amasimba za kubadwa kwake, koma kuchokera pamene Banja Loyera lidakhazikika ku Nazarete mpaka Yesu atafika zaka ngati 30, tili ndi nkhani imodzi yokha, ya ulendo wa ku Yerusalemu ali ndi zaka 12. Za makolo a Amai Maria palibe ngakhale dzina. Akhristu a nthawi zoyamba adali anthu ngati ife. Adafuna kudziwa zambiri za amene ankawakonda, ndipo ena mwa iwo adatenga cholembera nadzaza mipatayo. Mabuku awiri otere, olembedwa chaka cha 200 chisanakwane, adafala kwambiri. Tiyeni tiwaike pa muyeso, pakuti kusiyana kwao kutiphunzitsa momwe tingaweruzire zolemba za ana athu.

Loyamba limatchedwa Protoevangelium, kapena Mthenga Woyambirira wa Yakobo. Limasimba za Yoakimu, munthu wolemera ndi wolungama, ndi mkazi wake Anna, amene adakhala nthawi yaitali opanda mwana kufikira Mulungu adamva kulira kwao. Limanena kuti Maria ali ndi zaka 3 adaperekedwa ku Nyumba ya Mulungu, ndi kuti Yosefe adali bambo wokalamba, wofedwa mkazi, wokhala ndi ana ake kale. Mlembi wake adaakonda Malembo, ndipo Anna wakeyo adamuumba pa chikombole cha Hana, mai wa Samuele. Ndime yokoma koposa ndi ya usiku wa kubadwa kwa Ambuye. Yosefe wasiya Maria m'phanga kuti akafune mzamba, ndipo ali panjira aona kuti zonse zaima: mbalame zangoti phee mumlengalenga, antchito ozungulira mbale manja ali m'chakudya osanyamula, mbusa wakweza ndodo koma siitsika, timbuzi tili pamadzi osamwa. Kenaka zonse ziyendanso. Apa mlembiyo adachita mwanzeru. Pa nthawi yeniyeni ya chinsinsi adatichotsa m'phangamo, natisonyeza chilengedwe chonse chitagwira mpweya.

Koma bukuli lili ndi zilema zake. Mlembi adabisala kumbuyo kwa dzina la Yakobo ngati kuti adali mboni yoona ndi maso, pamene adalemba patapita zaka zoposa 100. Miyambo ya Ayuda sadaidziwe bwino, pakuti mwana wamkazi sakadaleredwa m'malo opatulika kopambana, m'mene ankalowamo mkulu wa ansembe yekha kamodzi pachaka. Ndiponso pofuna kutchinjiriza unamwali wa Maria adalowetsamo mkazi wokayika, Salome, wofuna umboni wogwira ndi manja, ndipo ndime imeneyi imachotsa ulemu womwewo umene idafuna kusunga. Jerome Woyera adakana nkhani ya Yosefe wokalamba wokhala ndi ana. Eklezia sadalandire bukuli m'Malembo Oyera, koma sadatayenso mbeu pamodzi ndi mankhusu. Maina a Yoakimu ndi Anna, amene timawakumbukira pa 26 July, adachokera m'menemu. Chimodzimodzinso chikondwerero cha kuperekedwa kwa Maria pa 21 November. Mu 2021 Papa Francis adaika tsiku la agogo ndi okalamba pa Lamulungu lachinai la July, pafupi ndi chikondwerero cha agogo a Yesu aja.

Lachiwiri ndi Mthenga wa Ubwana wolembedwa m'dzina la Tomasi. Limayamba mokoma. Yesu wa zaka 5 akusewera pamtsinje tsiku la Sabata, aumba mpheta 12 zadongo, monga momwe ana athu amaumbira ng'ombe kudambo. Atadzudzulidwa aomba m'manja, mbalamezo n'kuuluka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wina atamwaza madzi amene Yesu adasonkhanitsa m'timadziwe, atembereredwa nauma ngati mtengo. Wina atamgunda paphewa pothamanga, agwa nafa. Anthu odandaula za imfayo achita khungu, ndipo aphunzitsi achititsidwa manyazi. N'zoona kuti pambuyo pake mwanayo achiritsa ena, nadzutsa mnzake amene adagwa kuchokera padenga, koma choipa chachitika kale. Luka amatiuza kuti Yesu ankamvera makolo ake nakula m'nzeru, ndipo Yohane amanena kuti chizindikiro chake choyamba chidali cha ku Kana. Mwana wotemberera anzake uyu sangakule n'kukhala munthu amene adapempherera ompachika. Mlembiyo adafuna kuonetsa mphamvu za Mwana wa Mulungu, koma mphamvu zimene ankazidziwa ndi za mfiti kapena za mfumu yankhanza. Adalemba za mumtima mwake, nazipachika pa dzina la Yesu.

Apa ndiye pali muyeso woyamba. Nkhani yomangidwa pa nkhani ya wina imayesedwa ndi kukhulupirika kwake kwa anthu amene yawabwereka. Wolemba wabwino amawerenga buku la mwini kawiri katatu, kufikira atadziwa chimene munthu wa m'nkhaniyo angachite ndi chimene sangachite ngakhale atamuika mpeni pakhosi. Kenaka amamuika pa mayeso atsopano, kuti khalidwe lomwe lija lionekere bwino. Wolemba waulesi amangotenga dzina ndi nkhope, nathiramo zilakolako zake. N'chifukwa chake gawo lina la nkhani zotere pa intaneti ladzala ndi zadama ndi nkhanza, mpaka anthu a m'mabuku a ana kuwachititsa zonyansa. Kholo likada nkhawa ndi zimenezi silikulakwa. Koma tizindikire kuti tchimo la nkhani zoterezi ndi kulephera kwake pa luso zimachokera pa muzu umodzi: wolembayo sadalemekeze munthu, adamsandutsa chida.

Muyeso wachiwiri ndi choonadi. Cha m'chaka cha 200, Tertullian wa ku Carthage, m'buku lake lonena za ubatizo, adasimba za wansembe wina wa ku Asia amene adalemba nkhani za Paulo Woyera ndi namwali Thecla. Atagwidwa, adavomera kuti adazipeka yekha, nati adachita zimenezo chifukwa chokonda Paulo. Chikondicho sichidampulumutse, ndipo udindo wake udamthera pomwepo. Kupeka pakokha sikulakwa, pakuti Ambuye omwe ankaphunzitsa ndi mafanizo. Kulakwa kwa wansembeyo kudali kulola kuti zopekazo ziyende ngati mbiri yoona ya mtumwi, anthu namangapo chiphunzitso. Ndiye chifukwa chake Eklezia adaika malire. Mu 367 Athanasius Woyera wa ku Alexandria adalemba mndandanda wa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, ndipo misonkhano ya maepiskopi ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 idavomereza mabuku omwewo. Mndandandawu umatchedwa canon, ndipo n'zochititsa chidwi kuti achinyamata olemba fan fiction amatchula liu lomweli ponena zimene mwini nkhani adalembadi, pozisiyanitsa ndi zao.

Pa mfundo iyi anawo kawirikawiri amatiposa ife akulu, poti iwo amanena poyera kuti anthu a m'nkhani zao ndi obwereka. Nanga ife, ndi angati amene tikudziwa kuti Mateyo sadanene kuti anzeru a kum'mawa adali mafumu kapena kuti adali atatu, ndi kuti maina a Caspar, Melchior ndi Balthasar adabwera patapita zaka mazana? Ng'ombe ndi bulu za m'khola la Khrisimasi sizili mwa Luka, ndipo Veronica wa pa malo a 6 a Njira ya Mtanda sapezeka m'Mthenga Wabwino uliwonse. Zimenezi si zoipa. Zimathandiza mapemphero, ndipo sizitsutsana ndi Yesu amene timamdziwa. Choipa n'kusadziwa pamene pathera Mau a Mulungu ndi pamene payambira kusinkhasinkha kwa anthu. Mkhristu wosadziwa malirewa ndi amene amanjenjemera akalandira pa lamya uthenga wodzitcha mau a Yesu kapena a Amai Maria, woopseza tsoka kwa aliyense amene sautumiza kwa anthu khumi. Wolemba uthenga wotere ndi mdzukulu wa wansembe wa ku Asia uja, kungoti chikondi chija alibe.

Mphatso yoganizira zosalembedwa ingathe kuyenda pamodzi ndi ulemu, ndipo mboni zilipo. Ignatius Woyera wa ku Loyola, m'buku lake la mapemphero a m'bindikiro limene Papa Paulo III adalivomereza mu 1548, amauza wopemphera kuti aone m'maganizo mwake mseu wochokera ku Nazarete kupita ku Betelehemu, utali wake ndi zigwa zake, ndi kuti adziike yekha pamalo pobadwira Ambuye ngati kantchito kosauka kotumikira Banja Loyera. Uku n'kudzilowetsa m'nkhani ya eni, koma mogwada, ndipo wopempherayo amadziwa kuti zimene waona si Malembo. Ku England, Bambo Ronald Knox, amene adalowa Eklezia Katolika mu 1917 nadzozedwa unsembe mu 1919, adamasulira Baibulo lonse m'Chingerezi. Munthu yemweyo pa nthawi yake yopuma adapitiriza nkhani za Anthony Trollope m'buku lotchedwa Barchester Pilgrimage mu 1935, ndipo mu 1947 adasindikiza nkhani yakeyake ya Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'mabuku a Arthur Conan Doyle. Ntchito ziwirizi sadazisokoneze, ndipo owerenga ake ankadziwa bwino pamene ankamasulira ndi pamene ankasewera.

Chatsala chilema chimodzi chimene ngakhale nkhani zabwino za mtundu uwu sizichipewa. Munda wobwereka sukhala wako. Anthu ake udawapeza opangidwa kale, owerenga amawakonda usanalembe liu, ndipo ntchito yolemetsa koposa, youmba munthu watsopano kuti apume, idachitidwa ndi wina. Pophunzirira, njirayi ndi yabwino, monga momwe mwana wa mmisiri amayambira kukonza mipando ya eni asanakhome wake. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Zingakhale zachisoni msungwana wa ku Dedza kapena wa ku Chipata atatha zaka zake zonse za ubwana akulemba m'Chingerezi za anthu a ku London ndi ku Seoul, pamene agogo ake, amsika a kwao ndi anzake a pamjigo alibe wowalemba m'chinenero chao. Tikumbukirenso kuti kulemba mosewera n'kwina, kugulitsa n'kwinanso. Wodyera pa ntchito ya mwini popanda chilolezo amalakwira lamulo la 7 la Mulungu ndi malamulo a dziko omwe.

Tsono makolo, musang'ambe kopelo, ndiponso musalisiye osaliona. Mpempheni mwanayo kuti akuwerengereni zimene walemba. Mufunseni chifukwa chimene munthu wa m'nkhaniyo wachitira zakutizakuti, ngati mwini buku angamzindikire munthu wake, ndiponso ngati angawerenge ndime zonse pamaso pa agogo ake osagwetsa nkhope. Mufunseninso kumene amatumiza zolemba zake ndi zimene amawerengako, poti kuongola mtengo n'poyamba. Ndipo inu a m'mabungwe a achinyamata, pokonza sewero la Khrisimasi kapena la Masautso a Ambuye, muziyamba mwawerenga bwino Mthenga Wabwino. Herode ndi asilikali ake muwapatse mau anu momwe mufunira, koma pakamwa pa Yesu musaikepo chimene Iye sakadanena. Sewero likatha, mmodzi mwa inu aimirire, auze mpingo zimene zili m'Malembo ndi zimene mwaonjeza inu.