Bunda, Mkango wa ku Mitundu

Ilire mbalule, uyankhe mpanje! Patukani, akulu akulowa m'bwalo!

Ndinu Bunda, mwana wa phiri. Ndinu Bunda, thanthwe la ku Mitundu, mkango wogona kumwera kwa Lilongwe, wobangula mpaka Dzalanyama n'kuyankha. Ndinu Bunda, mnansi wa kachisi wa mvula, pomwe makolo ankathira nsembe mitambo n'kuda bii. Iwo ankaitana mvula. Inu munadza kudzaunga mizere yoigwira.

Mu 1967 munali pamphasa ya University of Malawi. Chancellor College anagwira buku. Polytechnic anagwira sipanala. Inu munagwira khasu, ndipo simunalibise kumbuyo, ngakhale anyamata a mataye ankanong'onezana kuti mukununkha ndowe. Anong'one, madzulo adya nsima ya ndani?

Munabala alangizi opalasa njinga m'fumbi la Okutobala. Munabala odziwa kukoma kwa nthaka, osankha mbewu, ounika chiweto chisanagwe. Munabala akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Munabala, munabala, nkhokwe yosaona pansi pake!

Tsiku linakwana. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inamanga mfundo. Mu 2012 munatuluka pakhomo pa mayi wanu, munazika nsichi zanuzanu, munalongedwa ufumu, munalandira dzina: Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources. LUANAR! Dzina lalitali ngati mtsinje wa Bua, wotuluka ku Mchinji n'kukagwera m'nyanja. Dzina losenza nkhalango, madambo, ziweto ndi nsomba. Natural Resources College ya ku Likuni inamva kuitana, inadzakhala pansi pa mthunzi wanu. Koma kondakitala wa minibasi akufuulabe kuti Bunda, gogo wogulitsa mtedza akulozabe kuti Bunda, ndipo phiri silinasinthe chikwangwani.

Inu woyamba kuponda mame! Inu njovu yothyola njira m'tchire! Inu chitsime chodzikumba chokha! Anzanu anayang'ana, anazengereza, anawerenga zaka. Mu 2021 Polytechnic anadzuka ali MUBAS. College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anagwirana manja, anadzuka ali KUHeS. Onsewo anadzera m'mapazi mwanu.

Zilire ng'ombe m'makola anu! Chiswane chambo m'madamu anu! Chiweramire chimanga m'minda yanu! Amayi a ku Mitundu, nthungululu zili kuti?