Kodi mwana womwalira ndi "kamngelo"?

Pamaliro a ana kuno pa Chonde timamva Asilamu ena akuti "kamngelo katisiya." Chisonicho tikuchimvetsa, koma liwulo silathu. Khanda lamapiko ndi chithunzi cha ojambula a ku Ulaya, monga Raphael cha m'ma 1512, ndipo Angerezi amalitcha cherub. Komatu akerubi a m'buku la Ezekieli ali ndi nkhope zinayi, si makanda. Maulama athu akati karubiyyun, liwu lomwe mu Qur'an mulibe, amatanthauza angelo akuluakulu oyandikitsidwa kwa Allah, omwe pa 4:172 akutchedwa muqarrabun. Hadith ya Muslim ikuti angelo adalengedwa kuchokera ku kuwala. Mwana ndi mbewu ya Adam. Ku Jannah amalowa ali munthu, ndipo makolo ake akamupeza ali mwana wawo yemweyo.