Ngongole yopanda woilonjerera

Mu Dungeons & Dragons ya 2014, matsenga ali ndi magwero osiyanasiyana. Wizard amawaphunzira m'buku, sorcerer amabadwa nawo, cleric amapatsidwa ndi mulungu wake, pomwe warlock amachita pangano ndi chimzimu champhamvu, mwinanso chiwanda chenicheni. Pa pepala zimakoma. Koma dayisi ikangogwa patebulo, gwero lija limasanduka chokongoletsera chabe.

Taonani warlock. Wapinyolitsa moyo wake, koma malamulo sanena kuti adzabweza chiyani. Akapuma ola limodzi, ma spell slot ake onse amabwerera, pomwe wizard wolimbikira sukulu uja amadikira maola 8 kuti ake onse adzadze. Ndi ngongole yanji imeneyi yopanda woilonjerera?

Mu 3.5 ya 2003, cleric akaphwanya kwambiri malamulo a mulungu wake ankalandidwa matsenga onse. Inde, DM wankhanza akanatha kuponderezera osewera pamenepo, komabe chikhulupiriro chinali ndi mtengo wake.

Ndiye ngati mukuyendetsa gemu, musadikire buku. Mwini pangano agogode usiku wina, apemphe chinthu chimene wosewerayo sakufuna kupereka.