Amisiri a mafunso a kafukufuku

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, George Bishop ndi anzake a pa yunivesite ya Cincinnati ku America anafunsa anthu ngati lamulo lotchedwa Public Affairs Act la 1975 liyenera kuthetsedwa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anapereka maganizo ake. Chikhalirecho lamulolo kunalibe, ofufuzawo anachita kulipeka. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1980.

Phunziro limeneli amisiri a kafukufuku wa zamalonda analigwiritsitsa, ndipo ndi oyenera kuwayamikira. Amadziwa kuti munthu amachita manyazi kunena kuti sakudziwa, makamaka pamaso pa mlendo waulemu wonyamula mapepala.

Choncho wofunsa waluso amayamba mosakumbutsa: “Ndi sopo uti amene mumamudziwa?” Amadikira modekha, osamulowa m'kamwa woyankhayo. Kenako amawerenga mndandanda wa mayina, ndipo pakati pa mayina enieni pamabisala limodzi lopeka. Mayi akavomera kuti sopo ameneyo amamudziwa bwino, wofunsa samutsutsa kapena kumuchititsa manyazi. Amangolemba, n'kupitiriza. Ku ofesi ndi kumene amakawerenga kuti ndi anthu angati anavomera dzina lopekalo, n'kudziwa kuti mayankho enawo awakhulupirire mpaka pati.

Gulu la Bishop linapezanso mankhwala a vuto limeneli. Anthu atayamba afunsidwa ngati ali ndi maganizo pa nkhaniyo, chiwerengero cha oyankha za lamulo lopeka lija chinatsika kwambiri.