Nyimbo za Talking Heads Zojambulidwa ndi Wailesi

Woimba akakhala mu situdiyo amatha kubwereza nyimbo kangapo mpaka itakoma. Koma akaima pamaso pa anthu, zojambulira za wailesi zili tcheru, mwayi wotere saupeza. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake nyimbo zojambulidwa motere zimaulula luso lenileni la oimba.

Chitsanzo chabwino ndi gulu la Talking Heads, lomwe lidayamba mu 1975 mumzinda wa New York ndipo lidatchuka ndi mayimbidwe otchedwa new wave. Pa 17 Novembala 1977 gululi lidaimba ku Northern Studios m'tauni ya Maynard, m'chigawo cha Massachusetts, kuti nyimbozo ziulutsidwe pa wailesi ya WCOZ ya ku Boston. Zina mwa nyimbozi zidatuluka mu 1982 pa chimbale chotchedwa The Name of This Band Is Talking Heads, ndipo zonse pamodzi zidatulutsidwa mu 2024.

Ubwino woyamba wa nyimbozi ndi kumveka kwake. Oimba adalipo anayi okha: David Byrne, Tina Weymouth, Chris Frantz ndi Jerry Harrison. Popeza malowo adali situdiyo ndipo omvera adali ochepa, phokoso silidaphimbe zoimbira. Khutu limatha kutsata besi ya Weymouth payokha, kenaka n'kumva mmene ikulukirana ndi ng'oma za Frantz. Tikayerekeza ndi chimbale chawo choyamba, chomwe chidatuluka chaka chomwecho, nyimbo monga Psycho Killer imamveka yaukali ndi yamoyo kuposa poyamba. Komanso nyimbo ya A Clean Break, imene sadaiike pa chimbale chilichonse cha mu situdiyo, anthu ambiri adaidziwira pomwepa.

Komabe zofooka zilipo. Mawu a Byrne amanjenjemera ndi kukuwa, mwakuti wozolowera mayimbidwe osalala angaganize kuti woimbayo akulephera. Ndiponso kuchepa kwa omvera kumachititsa kuti chisangalalo cha pabwalo lodzaza chisamveke.

Tiyeneranso kusiyanitsa tepi ya akatswiri ojambula ndi kaseti imene munthu amajambula kunyumba kuchokera pa wailesi. Wailesi imapanikiza mawu kuti okwera ndi otsika amveke mofanana, ndipo kaseti ikakopedwa kuchokera ku inzake imaonjezera mkokomo. Woweruza gulu pomvera kaseti yotere amadzudzula oimba pa mlandu wa makina.

Tsono poweruza nyimbo zotere tisafunse za kusalala kokha, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tifunse ngati choimbira chilichonse chikumveka, ngati oimba akumvana, ndiponso ngati zofooka zikuchokera kwa oimba kapena kwa ojambula. Pa mafunso atatuwa, ntchito ya ku Maynard idapambana. Gululi lidatha mu 1991, koma amene afuna kudziwa mmene anthu anayiwa ankaimbira asadatchuke ayambire pamenepa.