Mau Amodzi Atsutsa Mudzi Wonse

Pamsonkhano wathu wapitawu tinamva nkhani yachingerezi ya mnzathu wina, yonena za msodzi wa ku Likangala amene ankakokolola matemba ndi masikito panthawi yoti nsomba ziswane. Nkhaniyo ndi yokoma, koma pamapeto pake mlembi akuti mudziwo unataya "morality". Wina atafunsa ngati sankatanthauza "morals", ambiri tinaseka, nkumati nzofanana. Ine kwathu nkomweko, tsono ndikuti sizofanana.

Mmene ndimamvera, "morality" ndi muyeso wa chabwino ndi choipa umene gulu limagwirizana; kwathu timati mwambo. "Morals" amaloza zimene munthu payekha amatsata ndi kuchita. Apa timati khalidwe. Munthu akhoza kusowa khalidwe mwambo ulipo ndithu, pakuti ndi mwambowo umene timamuyesera.

Tsono taonani zimene zili m'nkhanimo. Wolakwa ndi mmodzi. Asodzi anzake akumulanda ukondewo, anyakwawa akumulipiritsa, ngakhale mkazi wake akuchita manyazi pachitsime. Mudzi wotaya mwambo ukadachita zotere? Ndime zonse zikuuyamikira mudziwo, koma mau amodzi omalizawo akuugamula mlandu umene sunapalamule.

Palinso china. M'dziko muno mau akuti "morality" ali ndi mbiri. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene linatha mu 1993, linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi pofuna, ati, kuteteza mwambo wa fuko. Mlembi akatola mau otere mosasamala amayamba kulankhula ngati wapolisi, osati ngati mboni.

Sindikunena kuti angosintha nkulemba "morals" basi. Kutero nkusenzetsa msodziyo katundu yense. Nyanja ya Chirwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, ndipo anthu amene mabwato awo anakhalapo pamatope amadziwa kuti njala imapinda khalidwe. Mlembi watisonyeza bwino ana a msodziyo akugona ndi njala. Chifukwa chiyani akuiwala zimenezi pofika pachigamulo?

Langizo langa nlakuti achotse chiganizo chonsecho. Nkhani ithere pamene msodzi akubwerera kumudzi chimanjamanja. Ife owerenga tidziweruzira tokha, ndipo a ku Likangala akadzaiwerenga sadzati mwana wasukulu wawatukwana m'chinenero cha eni.