Maso a Klara: luso la Kazuo Ishiguro m'nthano ya bwenzi lochita kupanga

Klara and the Sun ndi nthano yaitali ya Kazuo Ishiguro yomwe idatuluka mu Malichi 2021, buku lake loyamba chilandirireni mphotho ya Nobel mu 2017. Ishiguro adabadwira ku Nagasaki, m'dziko la Japan, mu 1954, ndipo adasamukira ku Britain ndi makolo ake ali ndi zaka zisanu. Amalemba m'Chingerezi. Nkhani ya m'bukuli ikuchitikira ku America, m'tsogolo mosatchulidwa chaka, pomwe makolo opeza bwino amagulira ana awo maloboti oti azicheza nawo kuti asamasungulumwe. Malobotiwa akutchedwa AF, kutanthauza bwenzi lochita kupanga, ndipo mphamvu zawo amazitapa ku dzuwa. Mmodzi mwa iwo, Klara, ndiye mfotokozankhani kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Tsatanetsatane wake ndi wosavuta kumutsatira. Klara ali m'sitolo kudikira womugula. Womusankha ndi Josie, mtsikana wa zaka 14, wodwaladwala. Matenda akewo gwero lake ndi chisankho cha mayi ake, a Chrissie, omwe adalola kuti madokotala asinthe chibadwa cha mwanayo kuti akhale wanzeru zoposa, monga amachitira mabanja ambiri a ndalama m'dzikomo. Mkulu wake wa Josie, Sal, adamwalira ndi njira yomweyo. Rick, mnyamata woyandikana nawo nyumba, sadasinthidwe, choncho zitseko za sukulu zapamwamba nzotsekeka kwa iye. Klara akulowa m'banjali ndi ntchito imodzi: kumudziwa Josie ndi kumusamala.

Luso lalikulu la bukuli lagona pa maso omwe mlembi adasankha. Klara ndi wopenyetsetsa kuposa anzake onse a m'sitolo, koma dziko sakulidziwa. Ali pawindo amaona mataxi, anthu oyenda pansi, ndi dzuwa likudutsa pakati pa nyumba zosanja, ndipo aliyense amamupatsa dzina potengera chomwe waona: wina ndi mayi wooneka ngati kapu ya khofi, wina ndi bambo wa jasi la mvula. Awiriwa atakumana mumsewu nkukumbatirana mwamphamvu ngati anthu otayana kalekale, Klara akudabwa kuti nkhope zawo zikuonetsa chimwemwe ndi ululu nthawi imodzi. Owerenga akudziwa kale kuti zimatero. Koma pomuona wina akuzitulukira koyamba, chinthu chozolowereka chimasanduka chachilendo, ndipo apa ndi pomwe Ishiguro amagwira owerenga. Zinthu zikachuluka pamaso pake, Klara amaona dziko litagawika m'timabokosi: m'kabokosi kena muli diso la mayi laukali, m'kena muli diso lomwelo lachisoni. Mlembi wina akadangonena kuti mayiyo adali ndi mitima iwiri. Ishiguro wapanga kuti kusweka kwa mtimako kuoneke ndi maso, kudzera m'chilema cha makina.

Kusiyana kwa zomwe Klara akuona ndi zomwe owerenga akumva ndiko kumayendetsa nkhani yonse. Klara sanamiza owerenga, komanso sawabisira kanthu mwadala. Amangofotokoza mokhulupirika zinthu zomwe tanthauzo lake lamupitirira, ndipo ntchito yolumikiza imatsalira owerenga. Ndi chifukwa chake zoopsa za dzikolo, monga kuchotsedwa ntchito kwa anthu ophunzira ngati a Paul, bambo ake a Josie, zimangomvekera m'mphepete mwa macheza, momwe mwana amamvera nkhani za akulu ali kuseri kwa chitseko.

Chikhulupiriro cha Klara pa dzuwa chidamangidwa mosamala kwambiri. Tsiku lina akuona bambo wopemphapempha ndi galu wake atagona pakhomo la nyumba ina osagwedezeka, ndipo akutsimikiza kuti afa. M'mawa mwake dzuwa litawawomba, awiriwo akudzuka. Kwa cholengedwa chomwe chimafooka kukachita mitambo, mfundo yake njolunjika: Dzuwa ndi lachifundo, ndipo limadzutsa akufa. Wowerenga wa ku Mzuzu sangavutike kumumvetsa. Mzindawu uli pamtunda, m'mapiri a Viphya, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu ndi mvula yowaza zimatha kuphimba dzuwa mpaka masana. M'nyumba zodalira sola ku Mchengautuba kapena ku Zolozolo, tsiku lotere limatanthauza batire losadzaza, babu lothima msanga ndi foni yozima madzulo. Anthu amasuntha kasola pabwalo kutsata pomwe pali kuwala. Zomwe owerenga a kumaiko ena angazitenge ngati chifanifani chabe, kuno ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Josie atadwalika, Klara akudutsa m'tchire la udzu wautali kupita ku chigafa cha bambo wina, a McBain, komwe iye akuganiza kuti Dzuwa limakagona, kukapempha kuti lichize mwanayo. Akulonjeza kuwononga chimakina chotulutsa utsi chomwe adachiona mumzinda, poganiza kuti Dzuwa limadana nacho, ndipo kuti atero akupereka ena mwa madzi a m'mutu mwake omwe amamuthandiza kuganiza. Ndi pemphero, lumbiro ndi nsembe, zonse zitatu. Ishiguro samuseka Klara ngakhale pang'ono. Ndipo m'mawa wina mitambo itang'ambika, kuwala nkudzaza chipinda cha wodwalayo, Josie akuyamba kuchira. Mlembi sanena ngati lachiza ndi Dzuwa kapena zangochitika. Kusanenako nkoyenera, pakuti buku likadasankha mbali likadasanduka ulaliki kapena chitonzo.

Mbali yomwe imakhudza kwambiri, makamaka kwa Mmalawi, ndi liwu la Klara. Ndi liwu la wantchito wosadandaula. Ishiguro adaligwiritsapo kale ntchito: Stevens wa mu The Remains of the Day, buku lomwe lidapata mphotho ya Booker mu 1989, ndi wantchito wa m'nyumba ya bwana wachingerezi yemwe adataya moyo wake wonse potumikira, pomwe Kathy wa mu Never Let Me Go, la mu 2005, adaleredwa kuti adzapereke ziwalo zake kwa ena, ndipo akufotokoza zimenezi modekha. Klara ndi wachitatu pamzerewu. Mayi ndi mwana akafuna kukhala paokha kukhitchini, iye amaima moyang'ana firiji. Anzake a Josie atabwera kudzacheza, anyamata ena akufuna kumuponya m'mwamba kuti aone ngati agwe choimirira, ndipo Josie, pofuna kusangalatsa anzakewo, akunena kuti mwina akadagula loboti ya mtundu watsopano. Mayi ake a Rick akufunsa poyera ngati Klara amulandire ngati mlendo kapena amutenge ngati makina osesera m'nyumba. Pa zonsezi Klara sakwiya. Amangoti waphunzirapo kanthu za anthu.

Munthu wotere si wachilendo m'makomo a ku Katoto kapena ku Chimaliro, ngakhalenso m'mizinda ina ya m'dziko muno. Ndi mtsikana uja wochokera kumudzi amene amabwera kudzalera mwana, nadziwa kulira kwake kulikonse, chakudya chomwe amakana ndi nyimbo yomwe imamugonetsa, koma alendo akafika amadyera kukhitchini. Mwana akakula nkupita kusekondale yogonera konko, ntchito yake yatha, ndipo pazithunzi za banja iye mulibe. Ishiguro sadalembe za Malawi, koma posankha kuti wonyozedwayo asadandaule, wasiya mkwiyo wonse m'manja mwa owerenga. Mkwiyo wotere suchedwa kutembenukira kwa mwini wake, chifukwa ambiri owerenga mabuku otere ndi omwe adaleredwa ndi manja amenewo.

Pachimake pa nkhani pakufika pang'onopang'ono. Pa ulendo wa ku mathithi a Morgan's Falls, komwe Josie walephera kupita chifukwa cha matenda, a Chrissie akupempha Klara kuti akhale, ayankhule ndi kugwedeza thupi ngati Josie. Klara akutero, ndipo mayiwo akuyankhula naye ngati mwana wawo. Pambuyo pake zikudziwika kuti chithunzi cha Josie chomwe bambo wina, a Capaldi, akuti akujambula si chithunzi ayi, koma thupi lochita kupanga lofanana ndi Josie, loti mwanayo akamwalira Klara alowemo nkupitiriza kukhala Josie. A Capaldi amakhulupirira kuti mwa munthu mulibe chilichonse chomwe sayansi singachikopere. A Paul akufunsa Klara ngati mtima wa munthu suli ngati nyumba yomwe m'chipinda chilichonse muli zipinda zina, mosalekeza. Funso lakuti munthu nchiyani laikidwa m'kamwa mwa makolo awiri omwe adaika kale mwana mmodzi m'manda, ndipo ndi chifukwa chake silikumveka ngati phunziro la m'kalasi.

Yankho lomwe Klara akufika nalo kumapeto ndi lakuti akadatha kumutsanzira Josie pafupifupi m'zonse, koma china chake chikadasowabe, ndipo chinthucho sichidali mwa Josie koma mwa anthu omwe ankamukonda. Kwa anthu okulira m'mwambi wakuti kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, mfundoyi ndi ya umunthu, yodziwika kuyambira kale. Chatsopano ndi mbola yomwe bukuli labisa m'menemo. Ngati umunthu wa munthu umasungidwa ndi omukonda, ndiye kuti wa Klara, yemwe wakonda koposa onse m'nkhaniyi, uli m'manja mwa anthu omwe akumusiya m'kachipinda kosungiramo katundu Josie atachira nkukula.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Macheza a ampangankhani ena, makamaka ana, ndi ouma, ngati onse adaphunzira kuyankhula kwa Klara. Nkovuta kukhulupirira kuti a Paul, katswiri wa zamakina, angathandize loboti kuwononga chimakina cha eni ake popanda kuuzidwa chifukwa chomveka. Melania, mayi wantchito wa m'nyumbamo wochokera kudziko lina, akadatha kukhala kalilole wa Klara, koma mlembi wangomuchotsa m'nkhani mwakachetechete. Ndi iye yekha mwa otumikira amene ali ndi lilime lakuthwa, ndipo kuchoka kwake kukusiya mpata.

Alembi a ku Malawi nawonso adayamba kale kufunsa mafunso a mtunduwu. Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti, yomwe idapata mphotho ya Peer Gynt mu 2013 nkusindikizidwa mu 2015, ikuonetsa Africa wa zaka 500 zikubwerazo, momwe anthu akukhala aliyense m'nyumba yakeyake, zosowa zawo zonse zikukwaniritsidwa koma osadziwana ndi anzawo. Chikoti akuyang'ana munthu wolandidwa anzake. Ishiguro akuyang'ana chomwe chaikidwa m'malo mwa anzakewo, nachipatsa pakamwa.

Gawo lomaliza, lachisanu ndi chimodzi, likuulula pomwe nkhani yonse yakhala ikufotokozedwera. Klara ali kumtaya wa zipangizo zakutha, sangathenso kuyenda, mphamvu zikumuthera pang'onopang'ono, ndipo akusanja zikumbutso zake kuti zikhale m'dongosolo. Masamba onse omwe owerenga adutsamo ndi kusanjako. Mayi yemwe ankayang'anira sitolo ija akumupeza, nafunsa ngati adapeza banja labwino, ndipo Klara akuvomera ndi mtima wonse. Mayiyo akudzipereka kuti amusunthire pafupi ndi maloboti ena kuti azicheza nawo, koma Klara akukana mwaulemu, ponena kuti malo akewo akuwakonda. Kenaka akumuyang'ana mayiyo akuchoka pakati pa mizere ya zitsulo, akuyenda motsimphinira mbali imodzi monga ankayendera Josie.